Khansa ya Chithokomiro Ikafalikira: Adokotala Ayankha Makalata Anu

Woulutsa: Adokotala, kalata yoyamba yachokera ku Kanakantapa. Mayi akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 32 anamuchotsa chithokomiro ku Lusaka, ndipo anawauza kuti khansa inali itafika kale m'timbulu ta m'khosi, tija tikatupa timati mwanabere. Akufunsa kuti, "Kodi basi mwanayu tamutaya?"

Dokotala: Ayi mayi, mtima ukhale m'malo. Khansa ya chithokomiro yofala kwambiri, yotchedwa papillary, imakonda kupita m'timbulu timeneti, makamaka mwa achinyamata. Timatichotsa pa opaleshoni, ndipo odwala ambiri amakhala mpaka kukalamba. Munthu akakhala wosakwana zaka 55, khansa yamtunduwu timaiwerengabe kuti ili pa siteji yoyamba malinga ngati sinafike kumapapo kapena m'mafupa. Mwina adzam'mwetsa ayodini wa radiyesheni. Maselo a chithokomiro amayamwa ayodini kulikonse kumene abisala, ndiye mankhwalawo amawatsatira komweko n'kuwapha. Ine nkhawa yanga ili pa mapiritsi a levothyroxine, amene amagwira ntchito m'malo mwa chithokomiro chimene anachotsacho. Ambiri akaona kuti bala lapola amawasiya. Mwana wanuyo aziwamwa m'mawa uliwonse asanadye kanthu, moyo wake wonse, ndipo tsiku limene amulembera ku Cancer Diseases Hospital asaliphonye.

Woulutsa: Ina ndi ya bambo a ku Chalimbana. Amayi awo a zaka 68 akhala ndi chotupa pakhosi kuyambira kale, koma miyezi ino chakula msanga, mawu asasa, nsima ikuwatsamwa. Akuti anawatemera kale mphini.

Dokotala: Bambo, apa ndiye ndilankhula mosabisa. Chotupa chakale chikayamba kukula mwadzidzidzi mwa munthu wachikulire, timachiopa. Mawu akasasa osapola, mwina chagwira mtsempha woyendetsa mawu, umene umadutsa kuseri kwa chithokomiro. Kutsamwako kukusonyeza kuti kummero kwapanikizika. Apatseni madzi amwe inu mukuyang'ana: chithokomiro wamba chimakwera n'kutsika munthu akameza, koma chotupa chikakhala gwa, chosasuntha, chingakhale kuti chamera mizu m'minofu yoyandikana nayo. Sindinganene pa wailesi kuti ndi khansa. Zimenezo amadziwa akajambula khosi ndi kutengako timadzi ndi singano. Mphini sizifika kumeneko. Mawa m'mawa mupite nawo ku Chongwe District Hospital, mukapemphe kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH. Koma akayamba kubanika kapena kupuma mwaphokoso usiku uno, musadikire kuti kuche, pezani galimoto.