Magetsi a Galimoto Akafooka: Mafunso a Omvera ndi Mayankho Ake

Kuwala kwa magetsi akutsogolo a galimoto kumadalira zinthu zinayi: babu, mphamvu yofika pa babulo, galasi la nyali pamodzi ndi chonyezimira cha m'kati mwake, ndiponso kumene nyaliyo yaloza. Makalata ambiri amene afika pa pologalamu ino akufunsa za babu lokha, chonsecho kawirikawiri vuto limakhala pa zitatu zinazo. Mayankho atsatira ndondomeko imene makaniko wodziwa ntchito amatsata.

Funso: Bambo ena a ku Kasungu alemba kuti nyali yakumanzere ya galimoto yawo imayaka pa fulu pokha, pa dimu ayi. Akufunsa ngati mawaya aonongeka.

Yankho: Apa choyamba kuchikayikira ndi babu. Babu la H4, lomwe limapezeka m'galimoto zambiri zochokera ku Japan monga Probox ndi Hiace, lili ndi timawaya tiwiri m'kati: kena ka fulu, ka mawati 60, kena ka dimu, ka mawati 55. Ka dimu ndi kamene kamagwira ntchito nthawi yaitali, motero kamayamba kupsa. Njira yotsimikizira ndi kusinthanitsa mababu a mbali ziwirizo. Vuto likasamukira kumanja, ndiye kuti babu lapsa. Likakhalabe kumanzere, pafunika kuona fyuzi ya mbali imeneyo ndi soketi. Nyali zonse ziwiri zikazima nthawi imodzi, kawirikawiri cholakwa chimakhala fyuzi, relay kapena switchi. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Kumangapo kawaya n'kuika galimoto pangozi ya moto, chifukwa ntchito ya fyuzi ndi kuduka mawaya asanatenthe.

Funso: Dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu akuti anagula mababu atsopano, koma magetsi akuwalabe mofiira ngati koloboyi.

Yankho: Babu latsopano silingawale bwino ngati mphamvu ikutayika m'njira. Injini ikamalira, batire la galimoto yaing'ono liyenera kuonetsa mavolti apakati pa 13.8 ndi 14.4. Makaniko ayeze pa batire, kenako ayeze pa soketi ya babu magetsi ali chiyakire. Kusiyana kukaposa theka la volti, pali pamene mphamvu ikutsalira. Zimenezi si zazing'ono: mphamvu ikachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, babu la halogen limataya pafupifupi magawo atatu mwa magawo 10 a kuwala kwake. Zoyambitsa zake ndi dzimbiri pamene waya wa earth wamangidwa ku chitsulo cha galimoto, soketi yosungunuka, ndi switchi yokalamba. Kupala dzimbiri, kumangitsa waya ndi kusintha soketi kumabweza kuwala pa mtengo wochepa. Pa galimoto zakale, kuika relay kuti mphamvu izichokera ku batire mwachindunji kumathandiza kwambiri.

Funso: Mayi ena a ku Mangochi akudandaula kuti magalasi a nyali achita chikasu ndipo m'kati mumalowa madzi.

Yankho: Magalasi a nyali za masiku ano ndi apulasitiki, ndipo dzuwa limadya utoto woteteza umene unapakidwa pamwamba pake. Galasi lachikasu limatchinga ndi kumwaza kuwala, kaya babu likhale lamphamvu bwanji. Limatsukidwa ndi sandipepala yonyowetsa, kuyambira ya nambala 1000, kenako 2000 ndi 3000, n'kupukutidwa ndi polishi. Pomaliza lipakidwe utoto woonekera woteteza ku dzuwa, apo ayi chikasu chimabwerera pakangopita miyezi. Mankhwala otsukira mano amangowalitsa kwa kanthawi. Kanthunzi kochepa m'nyengo yozizira kamauma kokha nyali ikatentha, koma madzi odikha m'kati amasonyeza mng'alu kapena chivundikiro cha labala chosatseka bwino kumbuyo kwa babu. Madziwo amadetsa chonyezimira, ndipo chikada sichikonzeka. Nyali yonse imafunika kusintha.

Funso: Wamalonda wina wa ku Mzimba akuti mababu amamupsera pafupipafupi.

Yankho: Choyamba ayezetse alternator. Mphamvu ikamafika mavolti 15 kapena kuposa, mababu amapsa msanga, pakuti kukwera kwa magawo 5 okha pa 100 kumadula moyo wa babu ndi theka. Chachiwiri ndi kugwedezeka: m'misewu ya maenje, nyali yosamangitsa imadula kawaya ka babu. Chachitatu ndi zala. Galasi la babu la halogen siligwiridwa ndi dzanja, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa kuti pamalopo pazitentha mopitirira. Babu ligwiridwe pa chitsulo chake kapena ndi kansalu koyera. Mababu otsika mtengo kwambiri, opanda dzina lodziwika, nawonso sakhalitsa.

Funso: Omvera angapo akufunsa ngati mababu a mawati 100 ali yankho kwa oyenda usiku mumsewu wa M1.

Yankho: Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa usiku m'mphepete mwa msewu mumakhala oyenda pansi, apanjinga ndi ngolo zopanda nyali. Koma mawaya, soketi ndi chonyezimira zinapangidwira mawati 55 kapena 60. Babu la mawati 100 limakoka mphamvu yochuluka, limasungunula soketi ndi kuwaula chonyezimira, mapeto ake nyali imawala mochepa kuposa kale. Njira yabwino ndi kugula babu la mawati omwewo koma lopangidwa kuti liziwala kwambiri, monga Osram Night Breaker kapena Philips RacingVision. Kuipa kwake n'kwakuti mababu amenewa sakhalitsa ngati wamba. Wogula atsimikize mtundu wa babu la galimoto yake, kaya H4, H7, H11 kapena HB4, poona m'buku la galimoto kapena pa babu lakale. Asinthe onse awiri pamodzi, ndipo achenjere ndi mababu achinyengo ovekedwa maina otchuka.

Funso: Mnyamata wina wa ku Thyolo akufuna kuika mababu a LED oyera mobiriwira.

Yankho: Chonyezimira cha nyali ya halogen chinaumbidwa kuti chisonkhanitse kuwala kochokera pa kawaya kamodzi kokhala pamalo ake enieni. Babu la LED likapanda kuwalira pamalo omwewo, kuwala kumamwazikira m'mwamba ndi m'mbali. Pafupi pamaoneka mbee, koma patali pamakhala mdima, ndipo wobwera kutsogolo amathobwedwa m'maso. N'chifukwa chake ku Britain, kuyambira 2021, galimoto yamakono imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a LED imalephera mayeso a pachaka. Mtundu wa kuwala nawonso ndi wofunika. Halogen imawala pa 3200K, xenon ya ku fakitale pa 4300K, pamene 6000K ndi kupitirira kumapendekera ku buluu. Kuwala kotere kumatopetsa maso m'mvula, m'fumbi ndi m'nkhungu ya chiperoni, imene ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi yosasowa. Amene galimoto yake inabwera ndi xenon, monga D2S kapena D4S, asakhudze mawaya ake magetsi ali oyaka, pakuti poyatsa pamadutsa mavolti oposa 20,000.

Funso: Bambo ena a ku Dedza akuti madalaivala anzawo amawaphethirira magetsi ngakhale iwo ali pa dimu.

Yankho: Nyali zawo zaloza m'mwamba. Poyesa, galimoto iime pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Pa nyali zambiri pamalembedwa 1%, kutanthauza kuti pa mtunda umenewu malire a kuwala kwa dimu akhale masentimita 10 kunsi kwa msinkhu wa babu. Kumbuyo kwa nyali kuli zomangira zokwezera ndi kutsitsira. Popeza ku Malawi galimoto zimayenda kumanzere, kuwala kuyenera kukwerera kumanzere, kumene kuli oyenda pansi ndi zikwangwani. Nyali zopangidwira maiko oyenda kumanja zimakwerera mbali inayo, ndipo zimafunika kusintha. Katundu wolemera kumbuyo amakwezanso mphuno ya galimoto, choncho kabatani kotsitsira nyali, ngati kalipo, kagwiritsidwe ntchito. Babu likasinthidwa, nyali ziyesedwenso pa khoma galimoto isanayende usiku.