"Zimatheka" Si Yankho: Zimene Tingaphunzire ku Fayilo ya SUPPORT.md

Pa mawu onse amene anthu amayankhira mafunso a zamakompyuta, amene ine ndimawaopa kwambiri ndi akuti "zimatheka". Mukafunsa wogulitsa foni ngati foniyo imalowa WhatsApp, akuti zimatheka. Mukafunsa ngati kompyuta yakale ija ingalandire Windows yatsopano, akuti zimatheka. Sikuti akunama ayi. Vuto n'lakuti mawuwa sanena kuti zimatheka mpaka pati, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso zikakanika adzakonze ndani. Pakhoma pano lero ndikufuna tione momwe gulu lina la akatswiri linathanirana ndi vutoli pogwiritsa ntchito fayilo imodzi yokha. A Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mumatenga Computer Studies, phunziroli n'lanu. Koma nanunso a Agriculture musangodutsa, muli zanu m'katimu.

Tiyambe ndi liwu lachilendoli, hypervisor. Taganizirani nyumba imodzi yaikulu pa Neno boma imene mwini wake waidula zipinda n'kuikamo anthu a lendi. Denga ndi limodzi, mita ya magetsi ndi imodzi, mpope ndi umodzi, koma aliyense ali ndi chitseko chake ndi loko wake, ndipo sayenera kudziwa zimene mnzake wasunga pansi pa bedi. Hypervisor ndi pulogalamu imene imachita zomwezo ndi kompyuta. Imatenga makina amodzi n'kugawa mphamvu ya purosesa, RAM ndi malo osungira zinthu, kuti m'kati mwake mukhale makompyuta angapo ongoyerekeza, otchedwa virtual machine. Ina ikhoza kuyendera Windows, ina Linux, zonse nthawi imodzi, ndipo iliyonse imaona ngati makinawo ndi ake yokha. Pa Chingelezi makompyuta ongoyerekezawa amawatchula kuti guest, ndiye kuti alendo.

Hypervisor imene tikambirane lero dzina lake ndi Xen. Inabadwira ku yunivesite ya Cambridge ku England, m'gulu la ofufuza limene munali Ian Pratt ndi Keir Fraser, ndipo inatulutsidwa koyamba m'chaka cha 2003, chaka chomwe Neno wathu anapatulidwa ku Mwanza n'kukhala boma palokha. Ndi pulogalamu ya open source, kutanthauza kuti code yake ili poyera: aliyense angathe kuiwerenga, kuigwiritsa ntchito ndi kuikonza. Kuyambira 2013 ntchitoyi ili pansi pa bungwe la Linux Foundation. Kampani ya Amazon itayamba kubwereketsa maseva pa intaneti mu 2006, inkagwiritsa ntchito Xen yomweyi. Si yokhayi, palinso KVM ndi VirtualBox, koma ndasankha Xen chifukwa cha kalembedwe kake.

Nanga chimene chimaopsa n'chiyani? Ndi khoma la pakati pa zipinda lija. Likakhala ndi bowo, wa lendi mmodzi angathe kusuzumira kwa mnzake, kapenanso kugwetsa nyumba yonse. Mu 2014 munapezeka bowo lotere mu Xen, limene analipatsa nambala yakuti XSA-108. Zilembo za XSA zikuimira chidziwitso chimene gulu loona za chitetezo cha Xen limatulutsa likapeza vuto. Makampani a Amazon ndi Rackspace anachita kuzimitsa ndi kuyatsanso maseva ambirimbiri kumapeto kwa Sepitembala chaka chimenecho kuti atseke bowolo anthu oipa asanalidziwe. Ndiye mukuona kuti funso lakuti "kodi mbali iyi ya pulogalamu ndingaidalire?" si lamasewera.

M'chaka cha 2017, potulutsa Xen 4.10, anaika m'gulu la mafayilo a pulogalamuyi fayilo yotchedwa SUPPORT.md. Ndi mawu wamba basi, mungathe kuitsegula ngakhale mu Notepad. M'menemo alemba chinthu chilichonse chimene Xen imachita, ndipo pansi pake alemba kuti chafika pati. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti asanapereke chigamulo, amafunsa kaye mafunso anayi. Kodi chinthuchi chinatha kupangidwa, kapena mbali zina zikusowabe? Kodi chimagwira ntchito modalirika, kapena chimangofa chokha? Kodi njira yochigwiritsira ntchito idzakhala yomweyi chaka chamawa, kapena idzasintha? Ndipo lachinayi, limene ndi lolemera kuposa onse: kodi pakapezeka bowo, gulu la chitetezo lidzatulutsa chidziwitso ndi kukonza?

Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amabala mayina a magulu. Chinthu chikalembedwa Experimental, ndiye kuti akungoyesa. Sichinathe, chingasinthe nthawi iliyonse, ndipo a chitetezo alibe nacho ntchito. Pofotokoza kudalirika kwake analemba nthabwala yakuti "Here be dragons", mawu ochenjeza kuti kutsogoloku kuli zilombo, ukapita wapita wekha. Tech Preview ndi chinthu chimene chinatha kupangidwa koma chikadali ndi timakhalidwe tachilendo, ndipo nachonso sichili m'manja mwa a chitetezo. Supported ndiye chakupsa: mafunso onse anayi yankho lake ndi inde.

Gulu lachinayi, Deprecated, ndi limene ophunzira ambiri amasokonezeka nalo. Ena amaganiza kuti likutanthauza chinthu chowonongeka. Ayi. Chimagwirabe ntchito, ndipo a chitetezo akuchiyang'anirabe, koma eni ake akukuuzani kuti chingachotsedwe pa kutulutsa kotsatira. Zili ngati mwini nyumba wakuuzani kuti chipinda mukukhalachi adzachigwetsa mvula ikatha. Lero mugonamo bwinobwino, koma wanzeru amayamba kufunafuna kwina.

Kuti mumvetse chifukwa chake yankho limodzi silikwanira, ganizirani funso limene tonse kuno timalidziwa nthawi ya dzinja: "Kodi msewu wa ku Dambe ukudutsika?" Munthu woyankha kuti "ukudutsika" n'kungokhala chete sanakuthandizeni. Ukudutsika ndi chiyani? Land Cruiser ikudutsa. Njinga yamoto ikudutsa, koma pena mutsike muyende pansi. Lole yodzaza mbatatesi isayerekeze. Ndipo zonsezi ndi za lero, mvula ikagwa usiku uno mufunsenso. Fayilo ya SUPPORT.md imayankha mwa njira imeneyi. Chinthu chimodzi chomwecho chimatha kulembedwa Supported pa purosesa za mtundu wa x86, monga za Intel ndi AMD zimene zili m'makompyuta a m'labu, koma n'kulembedwa Tech Preview kapena Experimental pa purosesa za Arm, za mtundu umene uli m'mafoni athu.

Pali zinanso zimene analemba kuti "Supported, with caveats", ndiye kuti n'zodalirika koma pali machenjezo. Chitsanzo chabwino ndi PCI passthrough, kumene ndi kupereka chipangizo chenicheni cha m'makina, monga khadi ya netiweki, kwa mlendo mmodzi kuti achigwire yekha. Fayiloyi imanena kuti izi zimafuna makina okhala ndi kachipangizo kotchedwa IOMMU, kuti sizigwirizana ndi kusamutsa mlendo kuchoka pa seva ina kupita pa ina, komanso kuti si bwino kupereka chipangizo chotere kwa mlendo amene simumukhulupirira n'komwe. Taonani: sanabise, sananenenso kuti musagwiritse ntchito. Anangokupatsani zonse kuti musankhe muli maso.

Tsopano za malire, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene pali nzeru yeniyeni. Pa RAM ya makina a x86, fayiloyi inayamba yanena kuti chitetezo chikulonjezedwa mpaka 8 TiB, kenaka anakweza malirewo kufika pa 12 TiB. A masamu tiyeni: 1 TiB ndi 1,024 GiB, choncho 12 TiB ndi 12,288 GiB. Mutati mugawire makompyuta a RAM ya 4 GiB iliyonse, mungadzaze makompyuta 3,072. Ndi makina aakulu zedi amenewo. Koma chidwi changa chili pa zimene analemba pambuyo pa nambalayo, zakuti makina oposa pamenepa Xen imayendabe ndipo akukuthandizanibe, kungoti chitetezo sakulonjeza. Ndiye kuti malire alipo awiri. Oyamba ndi pamene chinthu chimalekera kugwira ntchito. Achiwiri ndi pamene eni ake amalekera kuika dzina lawo. Malire achiwiriwa amabwera msanga kuposa oyamba, ndipo pakati pa awiriwa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mavuto.

Timaziona tsiku ndi tsiku. Chikwangwani cha pa mlatho chikanena kulemera kwa galimoto yololedwa, sikuti mukapitirira ndi thumba limodzi la chimanga mlathowo ugwa pompo. Dalaivala amadutsa, n'kumauza anzake kuti chikwangwanicho n'chabodza. Si chabodza. Injiniya ananena pamene iye angalumbirire, ndipo kupitirira apo mwalowa m'dera limene palibe anayeza. Inu a Agriculture, paketi ya mbewu ija imakuuzani masiku okhwimira ndi madera amene mbewuyo imachita bwino. Mukadzala ya kumtunda kozizira kuno kumunsi kotentha kwa Lisungwi, mwina imera ndithu, koma musakadandaule kwa wopanga.

Pamwamba penipeni pa fayiloyi pamakhalanso madeti: tsiku limene mtundu umenewo wa Xen unatuluka, tsiku limene thandizo wamba lidzathe, ndi tsiku limene thandizo la chitetezo lidzathe. Kwa zaka zambiri lamulo lawo linali miyezi 18 ya thandizo lonse ndi miyezi 36 ya chitetezo. Pulogalamu siwola ngati tomato, koma imatha nthawi ngati mankhwala. Kompyuta imayakabe bwinobwino tsikulo litadutsa, chimene chatha ndi lonjezo.

Wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangolemba zimenezi pa tsamba lotsatsira malonda?" Yankho lake ndi mbali imene ndimaikonda kwambiri. Fayiloyi imakhala pamodzi ndi code, ndipo mtundu uliwonse wa Xen uli ndi SUPPORT.md yakeyake. Munthu akafuna kusintha liwu limodzi, kuchotsa Tech Preview n'kuika Supported, amatumiza pempho lake poyera monga amachitira posintha code, ndipo anzake amaliunika asanalivomereze. Sungangodzuka m'mawa n'kulengeza kuti ntchito yako yapsa. Komanso poti kalembedwe kake n'kofanana mzere uliwonse, pali kapulogalamu kamene kamawerenga mafayilowa n'kupanga tebulo loonetsa mitundu yosiyanasiyana ya Xen pambali ndi pambali. Apa mpamene mungaonere phindu la kulemba mwadongosolo kumene ndimakuvutitsani nako m'kalasi kuja.

Kunena zoona, kulemba motere kumafuna kulimba mtima. Munthu wagwira ntchito miyezi yambiri, ndiye alembe yekha kuti chinthu chake sichinathe? Ambiri zimawavuta. Koma ine ndikapatsidwa mapulogalamu awiri, ina yonena kuti imachita zonse ndi ina yonena poyera pamene imalephera, ndimatenga yachiwiriyo. Yoyambayo malire ili nawo ndithu, kungoti mudzawapeza nokha pa tsiku loipa.

Musaganize kuti zimenezi n'za ku Cambridge kokha. Kuno kwathu bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene kunja limadziwika kuti Partners In Health, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma la Neno kuyambira 2007. Posunga mbiri ya odwala pa kompyuta lakhala likugwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu ya open source imene Partners In Health inayambitsa pamodzi ndi Regenstrief Institute ya ku America mu 2004. OpenMRS si hypervisor, koma mafunso anayi aja amagwiranso ntchito pamenepa. Ena mwa inu mudzalembedwa ntchito yolowetsa deta kapena yosamalira makompyuta pachipatala, pasukulu kapena ku khonsolo. Tsiku lina abwana adzakufunsani ngati ndi bwino kuyatsa chinthu chatsopano pa seva imene ili ndi mayina a odwala ndi mankhwala amene amamwa. Pamenepo "zimatheka" sadzakwanira. Mudzafunika kupeza pamene opanga analemba, kuwerenga kuti chili m'gulu liti, n'kuona ngati deti silinadutse. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito yanu ndi iyi, ndipo a kalabu ya kompyuta mutsogolere. Tilembe SUPPORT.md ya labu yathu, pa pepala lenileni, tidzaimate pachitseko. Khalani m'magulu a anthu anayi, gulu lililonse litenge makompyuta awiri kapena atatu. Pa kompyuta iliyonse muyese kuyatsa, kutaipa, kusunga fayilo, kuwerenga fulashi ndi kupulinta, ndipo chilichonse muchipatse gulu lake. Kiyibodi imene batani la chilembo chimodzi limakanirira ndi "Supported, with caveats", ndipo chenjezolo mulilembe: batani liti, limatani. Pulinta imene imagwira ikafuna musaikomere mtima, ndi Experimental. Mulembenso malire okhala ndi manambala amene mwayeza nokha, monga mphindi zimene kompyuta imakhala yoyaka magetsi akazima, ndi mapulogalamu angati angatsegulidwe pamodzi isanayambe kuchedwa. Chimene simunayese musachipatse gulu, mungolemba kuti sichinayesedwe. Gulu lina lidzaunika pepala la linzake lisanamatidwe, ndipo pansi pake muike deti limene munayesa. Mapepala andipeze Lachisanu tisanaweruke.