Kodi Akufuna Kwabwino Ndani?

Tisanayambe kukambirana, mmodzi wa ife atiwerengere Machitidwe a Atumwi 28:1-10, wina awerenge Yakobo 2:1-9.

Gulu likafuna ndalama, kaya zofolerera tchalitchi, kaya zogulira sopo ndi shuga wa odwala, timakhala pansi n'kulemba makalata opita kwa "akufuna kwabwino". Pa Pepa Sande timasankha "mlendo wolemekezeka". Pa wailesi timamva za mamiliyoneya, mabiliyoneya ndi anthu otchedwa ma philanthropist. Mawu amenewa ali ndi mphamvu. Ndiwo amatiuza munthu woti timukhazike kutsogolo, woti timuimbire nthungululu, ndi mphatso yoti tiilandire osafunsa kumene yachokera. Choncho m'phunziro lino tiwaone limodzi ndi limodzi, kuti tidziwe zimene amanena ndi zimene amabisa.

Mayina a anthu achuma

Chichewa chili ndi mayina ambiri a munthu wachuma: wolemera, wopata, wochita bwino, khumutcha, chikhwaya. Dzina lakuti mpondamatiki ndi la nthawi ya mapaundi ndi mashileni. Tiki inali kandalama kokwana mapeni atatu, ndipo wochita kuponda matiki ndiye kuti ndalama zamuchulukira mpaka kusowa poziika. Kwacha itabwera mu 1971, ena anayamba kunena kuti mpondamakwacha. Liwu lakuti bwana tinabwereka ku Chiswahili, lakuti dona ku Chipwitikizi. M'nthawi ya atsamunda mayina awiriwa anali a mzungu wolemba ntchito ndi mkazi wake, ndipo mpaka lero amabwera ndi kugwada ndi kuchotsa chipewa.

Miliyoneya ndi munthu amene chuma chake chafika miliyoni imodzi. Koma tizifunsa kuti miliyoni ya ndalama yanji. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America n'kufika pafupifupi K1,700. Pa mtengo umenewo K1 miliyoni inali yosakwana madola 600, ndalama yosamanga ngakhale nyumba ya zipinda zitatu. Biliyoneya ndi wa mamiliyoni 1,000. Magazini ya Forbes, imene yakhala ikutulutsa mndandanda wa anthu otere kuyambira mu 1987, imawerenga m'madola. Pa mndandanda umenewu pali Aliko Dangote wa ku Nigeria, amene analemera kwambiri ndi simenti. Chuma cha anthu otere chambiri ndi mtengo wa masheya a m'makampani awo, umene umakwera ndi kutsika.

Palinso mawu onena za maonekedwe: moyo wapamwamba, kukhala kumayadi, kudya bwino, ukwati wa kuhotela. Apa tichenjere, chifukwa wopata ndi wooneka wopata ndi anthu awiri. Mabanja ena alowa katapila pofuna kuti chinkhoswe cha mwana wawo chifanane ndi cha kumayadi, ndipo alendo atabalalika eni ake atsala akugulitsa chimanga chodya.

Mayina onsewa amawerenga zimene munthu ali nazo kapena zimene akuonetsa. Makolo athu anali ndi liwu lina loyeza mosiyana: mwanaalirenji. Khomo la mwanaalirenji ndi limene mwana alibe chifukwa cholirira, pakuti chakudya chilipo. Iwo anayeza chuma poyang'ana mwana, amene ndi wamng'ono ndi wofooka pa onse a pakhomo.

Tanthauzo la philanthropy

Liwu limeneli linachokera ku Chigiriki. Ndi mawu awiri olumikizana, lina lotanthauza kukonda, lina lotanthauza munthu. Tanthauzo lake ndi kukonda anthu, basi. M'liwulo mulibe ndalama.

M'ndime imene tawerenga ija, ngalawa imene munali Paulo inasweka pafupi ndi chisumbu cha Melita, chimene lero chimatchedwa Malta. Munali anthu 276, ndipo onse anafika kumtunda atanyowa, mvula ikugwa, kukuzizira. Eni chisumbu sanawadziwe, ndipo ena mwa opulumukawo anali akaidi. Komabe anawasonkhera moto n'kuwalandira onse. Pofotokoza zimene anthuwa anachita, Luka analemba liwu lomweli la Chigiriki. Popliyo, mkulu wa chisumbucho, amene anali ndi minda, nayenso anachereza alendo masiku atatu, ndipo anachita bwino. Koma liwu lija linagwera anthu wamba amene mayina awo sanalembedwe, amene anapereka nkhuni. Malo ena amene liwuli likupezeka m'Chipangano Chatsopano ndi Tito 3:4, pamene likunena za chikondi cha Mulungu mwini kwa anthu.

Masiku ano nyuzipepala zimapereka dzinali kwa anthu olemera kwambiri opereka ndalama zochuluka, kawirikawiri kudzera m'bungwe lotchedwa dzina lawo. Andrew Carnegie, amene analemera ndi mafakitale a zitsulo ku America, analemba mu 1889 kuti wolemera ayenera kugawa chuma chake akadali moyo, ndipo ndalama zake zinamanga nyumba zowerengeramo mabuku zoposa 2,500. Mu 2010 Bill Gates, Melinda French Gates ndi Warren Buffett anayambitsa pangano lotchedwa Giving Pledge, m'mene mabiliyoneya amalonjeza kupereka chuma chawo choposa theka. Kuno kwathu, mu Julayi 2017, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panatsegulidwa Mercy James Centre, malo a opaleshoni ya ana ndi osamalirako ana odwala kwambiri, amene anamangidwa ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi la woimba Madonna. Ntchito zotere n'zenizeni ndipo zapulumutsa miyoyo. Tiziyamika mosanyinyirika.

Ena apereka zambiri popanda kuimba lipenga. Chuck Feeney, amene analemera ndi masitolo a m'mabwalo a ndege, anapereka madola oposa 8 biliyoni, ndipo kwa zaka zambiri ngakhale olandirawo sankadziwa dzina lake. Anamwalira mu 2023, atakhala zaka zake zomaliza m'nyumba yalendi.

Koma kukonda anthu sikunathere kwa mabiliyoneya. Bungwe la ku Britain la Charities Aid Foundation linkafunsa anthu m'maiko ambiri mafunso atatu: ngati mwezi wapitawo anathandiza munthu wosamudziwa, ngati anapereka ndalama, ndi ngati anagwira ntchito yongodzipereka. Pa zotsatira za mu 2024 dziko loyamba linali Indonesia, lachiwiri Kenya. Maiko olemera kwambiri anabwera pambuyo pa awiriwa.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa zimene zimachitika kukhitchini ya magadiyani. Mayi wodikirira mwana wake amaona kuti pa bedi loyandikana pali wodwala wopanda womuyendera. Amapungula phala, amachapa chitenje cha mlendoyo pamodzi ndi zovala za mwana wake, usiku amakamuitanira namwino. Palibe amene amamujambula. Chimodzimodzi amayi ophika pamaliro, adzukulu okumba manda, ndi agogo olera ana amasiye asanu ndi munda umodzi. Awa ndi a mtundu umodzi ndi anthu a ku Melita aja.

Pamene dzina labwino libisa china

Pa Luka 22:25 Yesu anakumbutsa ophunzira ake kuti olamulira a anthu akunja ankapondereza anthu kwinaku akutchedwa ochitira anthu zabwino. Limeneli linali dzina laulemu lenileni. Mafumu ena a ku Igupto, monga Ptolemy Wachitatu, ankaliphatikiza ku mayina awo. Khalidweli silinathe. Tione zitsanzo zinayi.

Choyamba ndi mphatso yotsukira mbiri. Banja la Sackler linapereka ndalama zambiri ku mayunivesite ndi ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, dzina lawo n'kulembedwa pa makoma. Mbali ina ya banjali inali eni ake a kampani ya Purdue Pharma, imene mu 1996 inayamba kugulitsa mankhwala amphamvu opha ululu otchedwa OxyContin. Anthu ochuluka ku America anazolowera mankhwalawa mpaka kulephera kuwasiya, ndipo ambiri anafa. Mu 2020 kampaniyo inavomera milandu m'khoti. Nyumba ya Louvre ku Paris inachotsa dzinalo mu 2019, ndipo Metropolitan Museum ku New York inachita zomwezo mu 2021.

Chachiwiri ndi mphatso yochokera ku thukuta losalipidwa bwino. Pa fakitale ya Carnegie yemwe uja ku Homestead, mu 1892, antchito ananyanyala ntchito pokana kudulidwa malipiro, panabuka nkhondo ndipo anthu anafa. Yakobo 5:4 akuchenjeza za malipiro a antchito obisidwa ndi eni minda. Mawu amenewa sakunena mabwana a mafakitale okha. Akukhudza aliyense amene ali ndi wantchito wapakhomo kapena amene amalemba aganyu. Envulopu yonenepa pa Pepa Sande siingalipire mtsikana amene wagwira miyezi itatu osalandira.

Chachitatu ndi mphatso yogulira voti. Chisankho chikayandikira, akufuna kwabwino amachuluka: nsalu, matumba a simenti, maenvulopu a kwaya. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa opikisana pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota. Gulu limene lalandira simenti yotere limavutika kutsegula pakamwa mankhwala akasowa pa chipatala cha m'dera lawo.

Chachinayi chikukhudza ana athu. Bambo wachikulire wonyenga atsikana ndi ndalama tinkamutcha chidyamakanda, dzina lochititsa manyazi. Cha m'ma 2016 kunatchuka dzina lina kuchokera ku South Africa, lakuti blesser, kutanthauza wodalitsa, ndipo achinyamata athu amati mablesa. Munthu ndi yemweyo, foni ndi fizi ndi nyambo yomweyo, ndipo mathero ake ndi omwewo: mimba, kusiya sukulu ndi kachilombo ka HIV. Dzina latsopanoli lachotsa manyazi pa wolakwa. Ife pakamwa pathu tisunge dzina lakale lija.

Wina angafunse kuti, kodi makolo sanati kupatsa n'kuika? Anaterodi. Koma iwo ankanena za anthu okhala pamodzi, oti lero ndakuthandiza, mawa tsoka likandigwera udzandikumbuka, ndipo tonse tikhalabe mfulu. Mphatso zinayi zija zimasiya wolandira ali womangika.

Mafunso atatu oyesera mphatso

Tisanalembe munthu pa mndandanda wa akufuna kwabwino, kaya ndi wa kunja kaya ndi wa m'parishi mwathu, komiti idzifunse izi.

Chumachi chachokera kuti? Sitili apolisi, ndipo si bwino kuganizira zoipa aliyense amene Mulungu wamudalitsa. Lidiya ankagulitsa nsalu zofiirira, zovala za anthu apamwamba, ndipo nyumba yake inakhala malo osonkhanira abale ku Filipi. Koma pamene mudzi wonse ukudziwa kuti ndalamazo n'zakuba, tisatseke makutu.

Wopatsayo akuyembekezera chiyani? Ngati ndi zikomo, timupatse ndi mtima wonse. Ngati ndi voti, kukhala chete kwathu, kapena mwana wathu, mtengo wake wakwera kuposa mphatsoyo.

Wolandira atsala ndi ulemu wake? Wodwala ali ndi ufulu wosunga chinsinsi. Kujambula gogo atagona pamphasa atagwira paketi ya shuga, n'kuika chithunzicho pa Facebook osamupempha, n'kumulipiritsa shugayo ndi ulemu wake.

Zoti tichite m'magulu athu

Yakobo anafotokoza za anthu awiri olowa mu msonkhano, wina wa mphete yagolide, wina wa zovala zosauka, ndipo anadzudzula opatsa woyambayo mpando wabwino n'kuuza wachiwiriyo kuti aimirire. Mipando yathu ndi nthungululu zathu ziyesedwe ndi ndime imeneyi. Poyamika, titchule mayi amene anabweretsa mtolo wa nkhuni ndi mawu omwewo amene titchulira bwana amene anapereka K500,000. Mphatso iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, msungichuma ailembe m'buku ndi kupereka lisiti, chifukwa kutero kumateteza wopereka, gulu ndi msungichuma yemwe. Ndipo pamene tikulemba makalata opita kutali, tiyambe tawerenga zimene tili nazo pakati pathu: manja, nthawi, ufa ndi nkhuni.

Mafunso okambirana

1. M'dera lathu ndani amene amachita ntchito ya anthu a ku Melita koma sanatchulidwepo poyamika?
2. Kodi gulu lathu lingakane bwanji mwaulemu mphatso imene ili ndi chingwe?
3. Tikamva mwana akunena za mablesa, timuyankhe chiyani?
4. Kodi antchito ndi aganyu a pamakomo athu angatitche akufuna kwabwino?

Titseke ndi pemphero: Atate wachifundo, Inu amene munakonda anthu tisanakhale ndi kanthu kokupatsani, tipatseni maso ozindikira mphatso yoona, mtima woyamika wopereka zambiri ndi wopereka zochepa mofanana, ndi manja osachedwa kusonkhera moto mlendo wozizidwa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.