PHUNZIRO 18: NTCHITO IKATHA PAKHOMO

Kuŵerenga: Rute 1:1-7, 19-22, Rute 2:1-18

Malemba ena: Levitiko 19:9-10, Deuteronomo 24:14-15, Yakobo 5:4

Vesi loloŵeza: Agalatiya 6:2

Cholinga: Kuti ana adziŵe zimene zimachitika pakhomo ndi pantchito chuma cha dziko chikavuta, kuti aleke kuseka anzao amene makolo ao ntchito inawathera, ndiponso kuti aphunzire kwa Rute ndi kwa Boazi mtima woyenera wantchito ndi wolemba ntchito.

ZOYENERA KUDZIŴA MPHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, musanaime pamaso pa ana ŵerengani buku lonse la Rute, popeza lili ndi mitu inai yokha. Kumbukirani kuti m'kalasi mwanu muli ana ena amene nkhaniyi ndi ya kwao. Bambo ao atha miyezi ali pakhomo, ndipo mwina anawo abwera ku Sande Sukulu osalaŵa kanthu. Choncho phunziroli liphunzitsidwe mosamala.

Dziko lathu laona nthaŵi zotere kangapo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi oposa 70 amene ankachokera ku migodi ya ku Joni anafera pomwepo. Dr. H. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu kuno. Pamenepo nkuti Amalaŵi oposa 100,000 ali m'migodi imeneyo, ndipo pofika 1976 pafupifupi onse anali atabwerera kumudzi. Mu 1977 ulendowo unayambanso kudzera ku TEBA, koma opita anali ochepa, ndipo mu 1988 njirayo inatsekekanso.

Ine masiku amenewo nkuti nditangoyamba uphunzitsi, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Amuna anafika ndi masutikesi, mawailesi ndi njinga, m'midzi munali chimwemwe. Chaka chotsatira wailesi inagulitsidwa, kenaka njinga. Ana anayamba kujomba chifukwa chosoŵa fizi, pakuti sukulu ya pulaimale inali yolipira kufikira 1994. Ena mwa abambowo anapita ku maesiteti a fodya, ena analoŵa m'nyanja, ena anagwira khasu m'minda ya mpunga.

Mavuto ena anatsatira. Mu 1979 mtengo wa mafuta unakwera kwambiri pa dziko lonse lapansi. Mu 1980 kunagwa chilala. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti pofika 1984 katundu wathu ankazungulira njira yaitali ndi yodula. Mu 1987 ADMARC inatseka misika yake ina ya kumidzi. Ana a masiku ano akumbukira 2020, pamene matenda a Covid-19 analetsa alendo kubwera ku mahotela a ku Senga Bay, ndipo ophika, alonda ndi ogulitsa ziboliboli ambiri anasoŵa chochita. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, zinthu nkukwera mtengo m'magolosale monse.

Kodi vuto loyambira kutali chotere limafika bwanji pakhomo pathu pano pa Lifuwu? Taganizirani za petulo. Akakwera mtengo, mwini boti la injini achepetsa maulendo a panyanja. Boti likagona pamtunda, alovi alibe gawo lao. Mai amene amagula usipa nkuyanika pathandala alibe chogulitsa. Wagolosale aona kuti sopo ndi shuga sizikuyenda, ndipo achotsa mnyamata wake wogulitsa. Mlimi wa mpunga aona kuti feteleza wadula, nachepetsa aganyu ookera ndi opalira. Munthu mmodzi akasoŵa ndalama, wachiŵiri amene amamgulitsa zinthu asoŵanso. Umu ndi mmene kuvuta kwa chuma kumayendera.

NKHANI YA M'BAIBULO

Masiku a Oweruza kunagwa njala ku Betelehemu. Elimeleki anatenga mkazi wake Naomi ndi ana ao aŵiri, Maloni ndi Kilioni, napita ku dziko la Moabu kukafuna moyo. Kumeneko Elimeleki anamwalira. Anawo anakwatira akazi achimoabu, Olipa ndi Rute, koma patapita zaka ngati khumi iwonso anamwalira. Naomi atamva kuti kwao kwapezeka chakudya, ananyamuka kubwerera, ndipo Rute anakana kumsiya. Atafika, Naomi anapempha kuti asinthidwe dzina akhale Mara, chifukwa cha zoŵaŵa zimene anaona. Anachoka ali ndi banja, anabwera chimanjamanja.

Inali nyengo yoyamba kukolola barele. Rute anapempha chilolezo kwa apongozi ake kuti akatole khunkha, ndipo anapezeka m'munda wa Boazi. Boazi atafika analonjera okolola ake ndi mau a dalitso, iwonso namdalitsa. Kapitao anamuuza kuti mlendoyo anapempha bwino, ndipo wagwira ntchito kuyambira m'maŵa. Boazi analamula anyamata kuti asamvute, anamlola kumwa madzi a antchito, anamuitana pa chakudya, nauza okolola kuti azimsiyirako ngala mwadala. Madzulo Rute anapuntha zimene anatola, napita nazo kwa Naomi pamodzi ndi chakudya chimene anasungako.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

1. Wantchito. Munthu akachotsedwa ntchito sataya malipiro okha. Amachita manyazi, amaona ngati anthu onse akumloza chala. Ena amayamba kukhalitsa ku moŵa, ena kukwiya msanga. Naomi sanabise chisoni chake, ndipo Malemba samdzudzula chifukwa cha kulira kwake. Auzeni ana kuti kutha kwa ntchito si chizindikiro chakuti bambo ao ndi aulesi kapena kuti Mulungu wawataya. Aja anabwerera kuchokera ku Joni sanalakwe kanthu. Koma aoneninso Rute. Kutola khunkha inali ntchito ya amphaŵi, koma iye sanainyoze. Amene anali kalaliki dzulo asachite manyazi kumweta mpunga lero.

2. Banja. Ndalama zikasoŵa, mikangano imachuluka m'nyumba. Makolo amaloŵa m'ngongole za katapila. Ena amagulitsa mpunga usanache pa mtengo wozizira. Anyamata amasiya sukulu nkumakagona kudoko kudikira maboti, ndipo atsikana ena amakankhidwira ku banja adakali ana. Abambo ena amapita kutali kukafuna ntchito nkusanduka matchona. Banja la Naomi linatsala anthu aŵiri okha, wina nkhalamba, wina mlendo, koma linaima chifukwa sanasiyane, ndipo chochepa chimene chinapezeka anagaŵana. Mwana angathe kuthandiza posadandaula ndiwo zikakhala za masamba, posamala sopo ndi makope, ndi pogwira ntchito za pakhomo atachoka ku sukulu.

3. Mtima wa pantchito. Apa mphunzitsi atsindike, makamaka kwa ana okulirapo amene posachedwa adzayamba kugwira ntchito. Mphekesera yakuti ena achotsedwa ikangomveka, mantha amaloŵa pantchito. Anthu amene ankadyera mbale imodzi amayamba kunenezana kwa kapitao. Wina amati, popeza malipiro sakukwana, ndigwira mwaulesi. Wina amayamba kusolola katundu wa pantchito namati ndikudzilipira ndekha. Nayenso wolemba ntchito amayesedwa. Poona kuti ofuna ntchito achuluka pachipata, amachedwetsa malipiro, amadula mtengo wa ganyu ntchito itatha kale, kapena kufuna zosayenera kwa amai ndi atsikana opempha ntchito. Chilamulo cha Mose chinalamula kuti wolembedwa waumphaŵi alandire malipiro ake tsiku lomwelo dzuŵa lisanaloŵe, ndi kuti mwini munda asakolole mpaka m'mphepete, koma asiyireko osauka ndi alendo. Yakobo akuchenjeza kuti malipiro obedwa amafika m'makutu a Ambuye. M'munda wa Boazi tiona zosiyana. Mwini munda alemekeza antchito, kapitao anena zoona za mlendo popanda kumuipitsa, ndipo mkazi wosauka atetezedwa. Ambiri a ife timalemba aganyu nyengo yookera mpunga. Mau aŵa akutikhudza ifenso, akulu a mpingo ndi aphunzitsi omwe.

KAPHUNZITSIDWE

Bwerani ndi ngala zingapo za mpunga kapena chimanga. Yambani ndi kufunsa ana ngati anaonapo anthu akutola khunkha m'munda mutakololedwa. Kenaka fotokozani nkhani ndi mau anuanu, osangoŵerenga m'buku muno. Ana aang'ono achite seŵero: wina akhale Boazi, wina kapitao, wina Rute, ena okolola. Kwa ana aakulu fotokozaninso za 1974, ndipo muwatume akafunse agogo ao ngati m'banja mwao munali wina amene anapita ku Wenela.

Chenjezo: musatchule dzina la kholo lililonse, ndipo musafunse mwana pagulu ngati kwao kuli chakudya. Ngati mwaona mwana amene wasiya kubwera chifukwa chosoŵa chovala kapena sopo, kamuyendereni kwao, ndipo mudziŵitse mkulu wa mpingo wa dera limenelo ndi amai a Chigwirizano mwakachetechete. Akulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

MAFUNSO

1. Nchifukwa chiani Elimeleki anachoka ku Betelehemu? Kodi masiku ano anthu a kwathu kuno amapita kuti pa chifukwa chonga chomwecho?

2. Tchulani zinthu zinai zimene Boazi anamchitira Rute.

3. Kodi kapitao ananena zotani za Rute? Akadafuna kumuipitsa, chikadachitika nchiani?

4. Ngati malipiro achepa, kodi wantchito ali ndi ufulu wotenga katundu wa pantchito? Nanga achite chiani?

5. Mnzanu wa m'kalasi bambo ake achotsedwa ntchito. Inu mungamsenzere bwanji katundu wake sabata ino?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munasamala Naomi ndi Rute, kumbukirani mabanja onse amene ntchito yawathera. Limbitsani mitima ya abambo ndi amai amene akusoŵa pogwira. Patsani olemba ntchito mtima wachilungamo, ndi antchito mtima wokhulupirika. Tiphunzitseni ife kugaŵana chochepa chimene tili nacho. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.