Tsoka la Vitellozzo Linkanunkha

M'bale wanga, munthu amene munamuukira poyera akayamba kukusekererani, mumagona tulo?

Vitellozzo Vitelli ankalamulira mzinda wa Città di Castello ku Italy, ndipo anali katswiri wa nkhondo womenyera aliyense womulipira. Mu 1502 ankagwira ntchito kwa Cesare Borgia, mwana wa Papa Alexander VI. Mu June chaka chimenecho Borgia analanda Urbino mwachinyengo, ndipo akuluakulu a asilikali ake anaona kuti mawa mizinda yawo ndiyo idzalandidwe. Mu October anasonkhana ku Magione, pafupi ndi Perugia, n'kumugalukira. Borgia, ali ku Imola, sanaonetse mkwiyo. Anapempha asilikali ku France, uku akuwanyengerera ogalukirawo mmodzimmodzi. Paolo Orsini, atakhuta mphatso ndi malonjezo, anabwerera kwa anzake n'kuwauza kuti zakale zapita.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha. Vitellozzo sanali mwana pa nkhani zimenezi. Mu 1499 boma la Florence linadula mutu m'bale wake Paolo Vitelli pomuganizira kuti wawagulitsa pa nkhondo ya ku Pisa. Pa 26 December 1502 anthu a ku Cesena anadzuka n'kupeza mtembo wa Ramiro de Lorca, bwanamkubwa wa Borgia yemweyo, uli pabwalo wodulidwa pawiri. Wochita zotere kwa mtumiki wake, angakuchiteni chiyani inu amene munamuukira?

Kenako panabwera nkhani ya Senigallia. Ogalukira aja, atabwerera pa ntchito, analanda mzindawu m'dzina la Borgia, koma woyang'anira linga anati alipereka kwa Borgia yekha. Borgia anati amudikire. Asilikali awo ambiri anakagonekedwa m'midzi ya kutali kuti ake apeze malo. Taganizani: akukuitanani kuti mugwirizanenso, koma akuyamba wakusiyanitsani ndi okutetezani. Mungapite?

Niccolò Machiavelli, kazembe wa Florence amene ankayenda ndi Borgia, analemba kuti Vitellozzo sankafuna kumudikira. Amene anamufewetsa mtima ndi Orsini. Apa m'pamene pandiwawa ine. Munthuyu sanapusitsidwe ayi. Anatsanzika anthu ake ngati wosabwereranso, kenako pa 31 December anakwera nyulu, wopanda chida, kukachingamira Borgia. Mtima unkamuuza zoona, iye n'kumvera mnzake amene anali atadya kale za mdani.

Musanene kuti inu simungatero. Ndi kangati mwasainira pepala chifukwa mnzanu wati musadandaule? Ndi kangati mwalowa nokha mu ofesi ya bwana amene munamuneneza, chifukwa choopa kuoneka amantha? Wobweretsa uthenga wa mtendereyo munamufunsa kuti iye wapindulapo chiyani?

Borgia analandira Vitellozzo ndi ogalukira anzake mwansangala, analowa nawo m'nyumba, n'kutuluka mwakachetechete. Asilikali ake anawagwira pomwepo. Usiku womwewo Vitellozzo ndi wogalukira mnzake Oliverotto da Fermo anaphedwa powakoka chingwe pakhosi, Vitellozzo akupempha kuti Papa, bambo wa womuphayo, amukhululukire machimo. Orsini naye anaphedwa chimodzimodzi pa 18 January 1503.

Giampaolo Baglioni wa ku Perugia, amene analinso ku Magione, sanapite ku Senigallia ndipo anapulumuka. Mu 1520 Papa Leo X anamuitanira ku Rome. Ulendo uwu anapita, ndipo anamudula mutu ku Castel Sant'Angelo.