Kodi Mkhristu angadzudzule boma lankhanza?

Zikomo bambo a ku Limbe chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati Mkhristu angadzudzule boma lankhanza pamene Aroma 13 imatiuza kumvera olamulira. Yankho lili kwanu komweko, bambo. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno, kuphatikizapo ku Limbe Cathedral, munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kutsekera anthu m'ndende osawazenga mlandu, malipiro ochepa ndi mantha amene anatseka Amalawi pakamwa. Boma la Kamuzu Banda linati kalatayo ndi youkira, apolisi anapanikiza Arkiepiskopi James Chiona ndi anzawo ndi mafunso ku Kanjedza, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Koma pa 14 Juni 1993, Amalawi ambiri anavotera zipani zambiri.

Mwina munena kuti abusa azingolalikira za kumwamba. Komatu mutu womwewo wa Aroma umati wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino. Akayamba kupondereza munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, wataya ntchito imene anapatsidwa, ndipo kumuuza zoona ndi kumuthandiza. Natani anadzudzula Davide, Yohane M'batizi anadzudzula Herode. Chenjezo lanu loti mpingo ungasanduke chipani ndi loona, n'chifukwa chake muyeso wake uyenera kukhala umodzi kwa aliyense amene ali pampando, ngakhale wopemphera nawo limodzi.