Kampata ndi Kochepa, Abwana Akufuna Mpanda Wamoyo

Wosamalira maluwa pa ofesi ina mu Lilongwe wabwera ndi funso. Abwana ake sakufuna kuti odutsa mumsewu aziona antchito akudya nkhomaliro pakhonde, koma pakati pa khondelo ndi mpanda wa waya pali kampata ka mita imodzi basi. Khoma la njerwa alikana. Akufuna zobiriwira, zoti mbalame ndi agulugufe azibwerako.

Achimwene, musathamangire ku nazale. Yambani mwayeza malowo, muone mbali yomwe dzuwa limawombako masana, ndipo mufunse komwe kunadutsa mapaipi a madzi ndi a zonyansa. Pamalo otere bulugamu, jakaranda ndi nsungwi muziiwale: mizu yake idzang'amba simenti ya khonde, ndipo woitanidwa mu ofesi kukayankha mudzakhala inuyo.

Poti malo a m'mbali palibe, mpanda wanu ukwere m'mwamba. Waya ulipo kale. Ngati ndi waufupi, pemphani mapolo ndi mawaya ena awiri kuti ufike mamita awiri. Pamenepo yangitsani magalagadeya. Amatseka msanga, maluwa ake amakoka abemberezi ndi njuchi, ndipo zipatso zake antchito anzanu adzazikonda. Koma dziwani kuti pakatha zaka zitatu kapena zinayi amatopa n'kuyamba kuyoyoka m'munsi, choncho asakhale okha. Pakati pake ikani Thunbergia alata, kachomera koyanga ka maluwa achikasu okhala ndi kadiso kakuda pakati. N'kakuno ku Africa konkuno, ndipo sikalemetsa waya.

Msana wa mpandawo ukhale zitsamba. Chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi Tecomaria, chija cha maluwa ofiirira onga timalipenga. Mtundu wake wina, nyassae, umamera wokha m'mapiri mwathu muno. Chimapirira chilimwe chikagwira bwino, chimalola kudulidwa, ndipo timbalame tija ta milomo yaitali yopindika timabwera m'mamawa kudzayamwa timadzi ta m'maluwa ake, kumalendewera chadodolido pa kanthambi kopyapyala. Bzalani motalikitsa theka la mita kapena kuposerako pang'ono. Muzichiyang'anira, chifukwa nthambi zake zikagona pansi zimatulutsa mizu n'kuyamba kulanda malo. Plumbago wa maluwa obiriwira ngati kumwamba mungamusakanize apo ndi apo, agulugufe samulambalala.

Ena adzakuuzani za Kei apple. Ndi mpanda wolimba ndithu, ndipo zipatso zake zimadyedwa, koma minga yake ndi yaitali. Pa kampata koyandikana ndi pokhala anthu, siyani. Bougainvillea nayenso ali ndi minga, ndipo amafuna malo otambalala.

Pali zina zomwe ndikukupemphani kuti mukane, ngakhale mutapatsidwa ulere. Lantana ndi woyamba. Anachokera ku America, amakula mofulumira, ndipo apumbwa amadya zipatso zake n'kukafesa njere m'madambo ndi m'nkhalango, komwe amapondereza zomera zathu. Masamba akenso amadwalitsa ng'ombe. Mpanda woitana mbalame usamazipatse mbewu yokaononga kwina. Nkhadze tinakula nayo, koma utomoni wake ukagwera m'diso ndi zoopsa, ndipo wodula ndi inu. Duranta, yemwe wadzaza m'maofesi ambiri, zipatso zake zachikasu si zabwino kwa ana ndi agalu.

Tsono nkhani ya abwana. Auzeni poyambirira pomwe kuti mpanda wamoyo sutseka mwezi umodzi: zoyanga zidzathandiza chaka choyamba, koma zitsamba zimafuna mvula ziwiri. Ngati akufulumira, mangani kaye mphasa kapena mpanda wa bango kuseri kwa waya. Alembereni papepala chiwerengero cha mbande, manyowa, mapolo ndi madzi a m'chilimwe choyamba, asaine. Bzalani mvula ikakhazikika, cha mu Disembala, ndipo manyowa akhale owola bwino, poti osawola amaitana chiswe.

Adzafunsa za njoka, ndipo funsolo ndi loyenera. Yankho lake ndi kusesa m'munsi, kusaunjikapo njerwa kapena zinyalala, ndi kusiya kanjira kooneka pakati pa zitsamba ndi khonde. Adzafunanso kuti muzimeta mpandawo mlungu uliwonse kuti uzioneka ngati bokosi. Apa afotokozereni mwaulemu kuti lumo likamadutsa pafupipafupi maluwa sabwera, ndipo popanda maluwa mbalame akuzifunazo sizibwera. Dulani mbali ya khonde yokha pamene yatuluka, kudula kwenikweni kudikire maluwa athe. Musanalowetse lumo, patulani nthambi ndi manja musuzumire. Mukapeza chisa chili ndi mazira, chigawo chimenecho chisiyeni mpaka tiana tiuluke. Mankhwala opopera musawagwiritse ntchito pa mpandawu, chifukwa mbozi zina zomwe mudzaone pamasamba ndiye agulugufe a mawa, ndiponso ndizo zomwe mbalame zimadyetsa ana awo.